Mpeni wam'thumba ukapandukira mwini wake

Lachiwiri ndi tsiku la msika ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Kusanache bwinobwino, njinga zakapalasa zimakhala zayamba kale kutsetsereka m'zitunda zozungulira malowa, zina zitasenza matumba a mbatata, zina mitolo ya nzimbe, zinanso mbuzi zomangidwa miyendo pakaliyala. Anthu olankhula Chifalansa mumsasa wa anthu othawa kwawo amautchula msikawu kuti Mardi Marché, kutanthauza msika wa Lachiwiri.

Munthu akaima pamsikapa n'kumayang'ana manja a anthu m'malo mwa nkhope zawo, amaona chida chimodzi paliponse, ndicho mpeni. Wokazinga tchipisi pachiwaya akusendera mbatatesi, wootcha kanyenya akudulira nyama yambuzi, mayi wogulitsa kabichi akuwazira masamba, wakabaza akudulira mphira womangira katundu. Olankhula Chiswahili amautcha kisu, a ku Burundi amati imbugita, a ku Rwanda amati icyuma, koma ntchito yake ndi imodzimodzi.

Mipeniyi ili m'magulu awiri. Ulipo wosapinda, womwe chitsulo ndi chigwiriro chake zidagwirana kosalekana. Uliponso wopinda, womwe munthu akathana nawo amaubweza m'chigwiriro n'kuuponya m'thumba. Kodi mwa iwiriyi, woyenera kuyenda nawo tsiku ndi tsiku ndi uti? Funsoli limaoneka lachibwana, koma mkati mwake muli chala cha munthu, thanzi la banja, penanso mlandu kupolisi.

Manja ndiwo mpamba

Dzaleka ili pamtunda wa makilomita opitirira pang'ono 40 kuchokera mumzinda wa Lilongwe. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, malowa adali ndende yosungirako anthu omangidwa pazifukwa zandale. Mu 1994 boma la Malawi ndi bungwe la UNHCR adawasandutsa msasa wa anthu othawa nkhondo, makamaka ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda.

Msasawu adaukonza kuti muzikhala anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2023 mudali anthu opitirira 50,000. M'mwezi wa May chaka chomwecho, boma lidayamba kubweza kumsasaku anthu othawa kwawo omwe ankachita malonda m'matauni ndi m'mizinda.

Popeza malamulo salola anthuwa kulembedwa ntchito mwaufulu kunja kwa msasa, ambiri amadalira timabizinesi tamanja monga kuphika chapati, kuotcha nyama, kusoka nsapato, ukalipentala ndi kukonza njinga. Achewa a m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi nawonso moyo wawo uli m'manja: kusoka fodya, kuluka malichero ndi madengu ansungwi, kumezanitsa mango ndi kusenda mbuzi.

Kwa anthu otere chala chimodzi chikaleka kupinda, ndiye kuti mpamba wathyoka. Wosoka nsapato sangakokenso ulusi, woluka sangapanikizenso nsungwi. N'chifukwa chake nkhani ya kachitsulo kakang'ono komwe kamagwira mpeni kuti usatsekeke wokha ili yofunika kuimvetsa.

Mbiri ya Okapi

M'chigawo chino cha Africa, mpeni wopinda wotchuka kwambiri ndi Okapi. Dzinali lidazika mizu mwakuti ena amatchula mpeni wam'thumba uliwonse kuti okapi ngakhale usali wa kampaniyo.

Mpeniwu udayamba kupangidwa mu 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, ndipo cholinga chidali kuugulitsa m'maiko a mu Africa omwe dzikolo linkalamulira. Mu 1988 dzina ndi makina opangira mpeniwu zidagulidwa n'kusamutsidwira ku South Africa, m'chigawo chomwe lero chimatchedwa KwaZulu-Natal. Amalawi omwe adakagwira ntchito ku Joni ndi ku Harare adaudziwa bwino mpeniwu, pakuti udali wotsika mtengo, wopepuka komanso wosavuta kunola. Koma m'malokeshoni a ku Joni udatchukanso ndi mbiri yoipa kaamba koti atsotsi ankaukonda.

Dzina la mpeniwu lidachokera kunyama yam'nkhalango yotchedwa okapi, mbale wake wa nyamalikiti, yomwe ili ndi mizere m'miyendo ngati mbidzi. Nyamayi imapezeka kutchire m'dziko limodzi lokha, la Congo, komwenso kumachokera anthu ambiri okhala ku Dzaleka. Ngakhale wailesi yotchuka ya dzikolo, yomwe idatsegulidwa mu 2002, imatchedwa Radio Okapi.

Malawi ili ndi gawo lake pambiriyi. Akatswiri asayansi a ku Ulaya adaidziwa nyamayi mu 1901, ndipo yemwe adatumiza zikopa zake ku London ndi Sir Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno kuyambira 1891 mpaka 1896, uja tauni ya Mangochi inkadziwika ndi dzina lake kuti Fort Johnston. Mpaka lero dzina lasayansi la nyamayi ndi Okapia johnstoni.

Chimagwira mpeni n'chiyani?

Mpeni wopinda uliwonse uli ndi msomali umodzi pomwe chitsulo chimazungulira. Malo amenewa ndiwo bondo la mpeniwo, ndipo ndi pomwe pamagona kufooka kwake. Kuti bondolo lisapinde nthawi yolakwika, opanga mipeni adapeza njira zingapo.

Njira yoyamba ndi ya sipuling'i yokha, popanda loko. Kachitsulo kali kumsana kwa chigwiriro kamangopanikiza mpeni kuti ukhale chotseguka, koma munthu akaukankha kumsana umapinda. Timipeni tambiri tofiira ta ku Switzerland, tomwe timakhala ndi sizasi ndi chotsegulira mabotolo, timagwira ntchito motere. Mpeni woterewu sunama, pakuti mwini wake amadziwiratu kuti ulibe loko.

Njira yachiwiri ndi ya loko wakumsana. Chitsulo chakumsana chimakhala ndi pokolera, ndipo mpeni ukatseguka mpaka kumapeto, zitsulo ziwirizi zimakolana. Okapi wodziwika uja ali m'gulu limeneli. Akamatseguka amalira kuti ke-ke-ke chifukwa cha timano tomwe tili kutsinde kwa chitsulo, ndipo kuti atsekeke munthu amayenera kukoka kamphete kali kumsana. Mpeni wa ku America wotchedwa Buck 110, womwe udatuluka mu 1964 ndipo udakoperedwa ndi makampani ambiri, uli ndi loko wakumsana wochita kudina ndi chala.

Njira yachitatu ndi ya kachitsulo kopyapyala kam'kati mwa chigwiriro. Mpeni ukatseguka, kachitsuloko kamadumphira pambali n'kutsamira kutsinde kwa mpeni ngati mtengo wochirikizira nkhokwe. Mmisiri wa ku America, Michael Walker, ndiye adakonzanso njirayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mipeni yambiri yonyezimira yomwe imagulitsidwa m'misika masiku ano imatsata njira imeneyi. Vuto lake n'lakuti potseka, chala chachikulu chimalowa m'njira yomwe mpeni udutse.

Njira yachinayi ndi ya mkombero wozungulira pakhosi pa chigwiriro. Kampani ya Opinel ya ku France, yomwe idayamba mu 1890, idawonjezera mkomberowu pamipeni yake mu 1955. Munthu akatsegula mpeni amapotoza mkomberowo kuti utseke mpata womwe chitsulo chimabwererapo.

Loko amagonja bwanji?

Munthu akagwira mpeni wopinda, zala zake zinayi zimakulunga chigwiriro, ndipo zimadutsa pamwamba penipeni pa mpata womwe chitsulo chimagona chikatsekedwa. Choncho loko akalephera, kukamwa kwa mpeni kulibe kwina kolowera koma pazalapo.

Chifukwa choyamba chomwe loko amagonjera ndi litsiro. M'thumba mumakhala tiulusi, mchenga ndi fumbi. Fumbi la ku Dowa m'chilimwe likasakanikirana ndi madzi anzimbe, mafuta anyama kapena utomoni wa fodya, limauma n'kudzaza pokolera paja. Mpeni umaoneka ngati watseguka bwino pomwe zitsulo zangogundana nsonga, osakolana.

Chachiwiri ndi kutha kwa chitsulo. Kutsegula ndi kutseka kwa tsiku ndi tsiku kumadya m'mbali mwa pokolera mpaka makona ake amasanduka obulungira. Msomali wapabondo nawo umakhwepa, mpeni n'kuyamba kugwedera.

Chachitatu ndi chinyengo. M'misika mudadzaza mipeni yongotengera maonekedwe a ina yotchuka, yokhala ndi zigwiriro zamaluwamaluwa koma yopangidwa ndi chitsulo chofewa. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Loko wa mpeni wotere amatha kugwira bwino tsiku logula, n'kutha pakangopita masabata ochepa.

Chachinayi, chomwenso chili chachikulu, ndi kagwiritsidwe ntchito. Munthu akamadula zinthu mwanthawi zonse, mphamvu imakankhira chitsulo kumbuyo, komwe ndi kotsegukira, ndipo loko sagwira ntchito yolemetsa. Ngozi imabwera akayamba kuboola ndi nsonga, kutokosa, kupotokola kapena kuzula mpeni womwe wakanirira m'mtengo.

Taganizirani wakabaza yemwe akufuna kuboola lamba kapena chigubu chapulasitiki. Wagwira mpeni mwamphamvu, akukankha nsonga uku akupotoza. Nsongayo ikangoterereka pang'ono, mphamvu yonse ya mkono imasamukira kumsana kwa chitsulo. Ngati loko ndi wakachitsulo kam'kati kaja, kupotozako komanso kufinya kwa dzanja kumatha kukasuntha. Zikatero mpeni umatsekeka mwakuphethira kwa diso, chala chamkombaphala chili pomwepo. Tsoka silinunkha.

Wosapinda alibe bondo

Mpeni wosapinda ulibe msomali wozungulira, ulibe sipuling'i, ulibenso loko. Chomwe palibe sichingathyoke. N'chifukwa chake m'mabutchala ndi m'makhitchini a dziko lonse lapansi, ntchito yodula nyama tsiku lonse imagwiridwa ndi mipeni yosapinda.

Uwu ndiwonso mpeni wa makolo. Kale Achewa ankayenga okha chitsulo m'ng'anjo, ndipo zotsalira za ng'anjo zoterezi zikuonekabe kumalo osungirako nyama zakutchire a Kasungu. Lero amisiri osula m'misika amapanga mipeni ndi zikwanje kuchokera kumasipuling'i a galimoto zakutha komanso masowo odulira zitsulo. Chitsulo chotere chimanoleka bwino pamwala kapena ndi tupa, ngakhale chimachita dzimbiri msanga chikasiyidwa chonyowa.

Komabe mpeni wosapinda uli ndi zofooka zake. Mphamvu yake imadalira mchira, kutanthauza mbali yachitsulo yomwe imalowa m'chigwiriro. Mchira ukakhala wautali mpaka kumapeto kwa chigwiriro n'kukhomedwa ndi misomali iwiri kapena itatu, mpeniwo ndi wolimba. Koma ukakhala waufupi, wongosomekedwa m'kamtengo kapena m'pulasitiki, umazuka ntchito ili mkati.

Vuto lina ndi kuterera. Dzanja likakhala ndi mafuta kapena magazi a nyama, ndipo nsonga yampeni yagunda fupa mwadzidzidzi, dzanjalo limatsetsereka kuchoka pachigwiriro kupita kukamwa kwa mpeni. Chigwiriro chabwino chimayenera kukhala ndi potchinga chala, kapena chikulungidwe ndi mphira kuti chisaterere.

Vuto lalikulu kwambiri ndi kanyamulidwe. Mpeni wosapinda umakhala wotseguka usana ndi usiku. Popanda chimake, anthu amaukulunga m'nyuzipepala, kuusomeka m'chiuno kapena kuuponya m'jumbo limodzi ndi tomato. Munthu wotere akagwa panjinga m'zitunda za Ntchisi, kapena akapanikizana ndi anzake pamatola, mpeniwo umaboola pepala n'kulowa m'thupi. M'ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wamagazi, ndipo ukadulidwa munthu amatha kufa m'mphindi zochepa asanafike kuchipatala. Chimake chachikopa cholimba, chomwe wosoka nsapato aliyense angathe kusoka, chimachotsa ngozi imeneyi.

Ukhondo

Pankhani yaukhondo, wosapinda ndiye amapambana. Kungoutsuka ndi sopo ndi madzi otentha, wayera mbali zonse. Wopinda uli ndi mphako momwe magazi ndi mafuta zimabisala, ndipo m'thumba lofunda tizilombo toyambitsa matenda timaswana mosavuta.

Bambo yemwe wazinga nkhuku m'mawa ndi mpeni wam'thumba, n'kungoupukuta pathalauza, masana n'kusendera mwana wake mango, amakhala atasamutsa tizilombo ta m'matumbo ankhuku kupita m'kamwa mwa mwanayo. Kutsegula m'mimba kotere banja limatha kunamizira madzi kapena mfiti, pomwe gwero lake lili m'thumba mwa bambo.

Alimi ankhumba nawo ayenera kusamala. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba kamakhala nthawi yaitali m'magazi ndi m'nyama, ndipo kamayenda kudzera pazipangizo, nsapato ndi zovala. Mpeni womwe wadula nyama yankhumba yodwala pamsika sufunika kufika pafupi ndi khola usanatsukidwe bwino.

Lamulo likutinji?

Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Mpeni m'manja mwa wogulitsa nyama pabenchi yake masana ndi chipangizo chantchito. Mpeni womwewo m'chiuno mwa munthu kumalo omwera mowa usiku ndi nkhani ina, ndipo mwini wake angafunike kufotokoza kupolisi chomwe amaunyamulira.

Maiko ena amasiyanitsa mipeni potengera loko weniweniyo. Ku England, lamulo la 1988 limalola munthu kuyenda ndi kampeni kopinda kosapitirira mainchesi 3, omwe ndi masentimita pafupifupi 7.6, koma makhoti kumeneko adagamula kuti mpeni wokhala ndi loko suli m'gulu lololedwali. Choncho loko yemwe amateteza chala ndi yemwenso angamangitse munthu. Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amapita kukasaka ntchito, lamulo la 2013 lokhudza zida zoopsa limapereka mphamvu yomanga munthu wopezeka ndi mpeni m'njira yokayikitsa kuti akufuna kuchitira zoipa.

Okwera ndege pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe silili patali ndi Dzaleka, ayeneranso kudziwa kuti chichitikireni chiwembu cha pa 11 September 2001 ku America, malamulo onyamula mipeni m'chikwama cham'manja adakhwima kwambiri. Malo a mpeni ndi m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege.

Ku Dzaleka kuli chifukwa chinanso chosamalira. Ena mwa okhala mumsasawu adathawa nkhondo zomwe anthu adaphedwa ndi zikwanje, monga zidachitikira ku Rwanda mu 1994. Kusolola mpeni pokangana, ngakhale mongoopseza, kumatsegula mabala omwe saoneka ndi maso.

Yesani musanagule

Safunsa adadya phula. Wogula mpeni wopinda ali ndi ufulu wouyesa pamaso pa wogulitsa, ndipo sizitenga nthawi.

Choyamba, tsegulani mpeni mpaka kumapeto ndipo mvetserani. Loko wabwino amalira momveka kamodzi akakola. Kenaka gwirani chitsulo kumsana n'kuchigwedeza mmwamba ndi pansi, komanso uku ndi uku. Chikamagwedera, usiyeni.

Chachiwiri, tsinani chigwiriro m'mbali ndi zala ziwiri, zala zina zonse zili kutali ndi mpata wolowera chitsulo, n'kukanikiza msana wampeni pathabwa. Ukapinda, kapena loko akamasuntha, mpeniwo ndi msampha.

Mukagula, muziutsuka pokolera ndi kamtengo kosongoka kapena mswachi wakutha, kuumitsa, n'kudonthezera kadontho ka mafuta pamsomali. Ngati umadulira zakudya, mafuta ophikira ndiwo abwino kusiyana ndi oilo wagalimoto. Mpeni wa chigwiriro chamtengo usamaviikidwe m'madzi nthawi yaitali chifukwa mtengo umafufuma n'kumana chitsulo.

Kaya ndi wopinda kaya wosapinda, mpeni uzikhala wakuthwa. Wobuntha umafuna mphamvu zambiri, ndipo mphamvuzo ndi zomwe zimauterereketsa. Podula, kukamwa kwa mpeni kuziloza kutali ndi thupi.

Ngozi ikachitika

Munthu akadzicheka, chofunika msanga ndi kupanikiza bala ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja litakwezedwa mmwamba. Magazi akaleka, balalo litsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo. Dothi, phulusa, ndowe ndi mafuta amabuleki agalimoto, zomwe ena amathira pabala, zimangoonjezera vuto.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Zoona zake n'zakuti tizilombo ta matendawa timakhala m'dothi ndi m'ndowe zaziweto, ndipo mpeni ngakhale wonyezimira ungathe kutilowetsa m'thupi. Katemera wa kafumbata amapezeka m'zipatala, ndipo wovulala afunse ngati akufunika kubayidwa.

Chala chikakanika kupinda kapena kuwongoka, kapenanso chikachita dzanzi, ndiye kuti mwina mtsempha wokoka chala kapena womvera kukhudza waduka, ngakhale bala lioneke laling'ono. Mtsempha wotere sulumikizana wokha. Madokotala amatha kuusoka, koma zimayenda bwino munthu akafika m'masiku oyambirira, pakuti ukachedwa umafupika n'kuthawira mkati. Chipatala chaching'ono cha ku Dzaleka ndi cha boma la Dowa zimatha kutumiza wodwala wotere ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono wabwino ndi uti?

Yankho lagona pantchito yomwe munthu amagwira. Wopha mbuzi, wogulitsa nyama, wophika ndi wosema, omwe mpeni umakhala m'manja mwawo tsiku lonse pamalo amodzi, akuyenera wosapinda wa mchira wautali, wokhala ndi chimake chake. Wakabaza, mlimi wopita kudimba ndi wapaulendo, omwe amafuna mpeni mwa apo ndi apo podula chingwe kapena kusenda chipatso, wopinda ndiwo uwayenera, chifukwa nthawi yambiri umakhala chotseka ndipo sungawabaye akagwa.

Mwachidule, wosapinda ndi wodalirika uli m'manja koma woopsa uli m'thumba, pomwe wopinda ndi wodalirika uli m'thumba koma wofuna tcheru uli m'manja. Ngakhale loko akhale wa kampani yotchuka bwanji, nzeru ndi kugwiritsa ntchito mpeni wopinda ngati kuti ulibe loko n'komwe: kudulira basi, osaboolera, osatokosera, osakhomera.

Dzuwa likamapendeka ku Dzaleka, ogulitsa amayamba kulongedza. Wanyama amatsuka mpeni wake n'kuulowetsa m'chimake, wakabaza amakoka kamphete n'kubweza wake m'thumba, aliyense n'kulowera kwawo. Mpeni ukatha, Lachiwiri likudzalo pamsika padzakhala wina. Chala chokha ndicho sichigulitsidwa pabenchi iliyonse.